Kodi OK anachokera kuti, nanga n'koyenera kuyankha nawo akuluakulu?

Funso: Ndine mphunzitsi wa pulayimale ku Dedza. Mnzathu wina anatitumizira uthenga pa WhatsApp wonena kuti mawu oti OK anayambira ku nkhondo ku America, kumene asilikali ankalemba "0 killed" pa tsiku limene sanaphedwe munthu. Kodi ndi zoona? Chachiwiri, a hedi atandituma ntchito ndinangoyankha kuti "OK", ndipo ndinaona kuti nkhope yawo yasintha. Kodi ndinalakwa? Nanga kalembedwe koyenera ndi kati pakati pa OK, ok ndi okay?

Yankho: Aphunzitsi, za asilikali zija ndi nthano, ndipo kuti muigwetse mukungofunika kalendala basi. Nkhondo yapachiweniweni ya ku America, imene nthanoyi imakonda kutchula, inamenyedwa kuyambira 1861 mpaka 1865. Koma OK anali atatuluka kale m'nyuzipepala pa 23 Marichi 1839, kutatsala zaka 22 kuti mfuti yoyamba ilire. Nkhondoyo inawapeza mawuwa akuyenda kale m'misewu.

Tsikulo linali Loweruka, nyuzipepala yake inali Boston Morning Post, ndipo mkonzi wake anali Charles Gordon Greene. Nkhani imene munali mawuwa sinali yolemera ayi. Inali yachipongwe, yonyogodola mkonzi wa nyuzipepala ya mumzinda wa Providence pa za ulendo wa kagulu kena ka anthu okonda nthabwala. Mkati mwa chiganizo chachitali munalembedwa tizilembo tiwiri ting'onoting'ono, o.k., ndipo pambali pake panali tanthauzo lake, "all correct", kunena kuti zonse zili m'malo. Poti wolembayo anaona kuti n'kofunika kumasulira, tikudziwa kuti owerenga ake anali asanawazolowere.

Monga mphunzitsi mwaona kale pamene pakhota: chidule cha "all correct" chinayenera kukhala A.C. Nthabwala yake ili pomwepo. Wolembayo anadzisandutsa dala munthu wosadziwa sipelo, wolemba monga akumvera m'khutu, "oll korrect". Kwa ife nthabwalayi imavuta kuiseka chifukwa Chichewa timalemba monga timatchulira. Mwana wa Sitandade 3 mutamuuza kuti alembe mawu awiriwa asanawaonepo pa bolodi, adzayamba loyambalo ndi o, lachiwirilo ndi k, ndipo khutu lake silidzakhala litamunamiza. Chingerezi ndicho chili ndi khalidwe lolemba china n'kutchula china, ndipo atolankhani a ku Boston ankasewera ndi khalidwe limeneli.

Sanali mawu okhawa. Kuyambira mu 1838 nyuzipepala za ku Boston zinagwidwa ndi chizolowezi chodula mawu, kenaka chinafalikira ku New York ndi mizinda ina. N.G. ankaimira "no go", zosatheka. S.P. ankaimira "small potatoes", kanthu kachabechabe. G.T. ankaimira "gone to Texas", munthu amene wasowa, makamaka wothawa ngongole. Ndiye panali ena opotoza sipelo mwadala: K.Y. wa "know yuse" m'malo mwa "no use", K.G. wa "know go" m'malo mwa "no go", ndi O.W. wa "oll wright" m'malo mwa "all right", mkulu wake wa OK amene anayamba kuoneka m'nyuzipepala iye asanabwere. N'chimodzimodzi ndi zimene ana athu amachita pa foni akamalemba "gud nyt" kapena "tnx", kusiyana kwake n'kwakuti awa anali akuluakulu ophunzira, olembera anthu ophunzira anzawo. Mawu onsewa anafa pasanapite zaka zambiri, monga mawu achinyamata amafera. Funso lenileni ndi lakuti mmodzi yekhayu anapulumuka bwanji.

Anamupulumutsa ndi ndale. Mu 1840 kunali chisankho cha pulezidenti, ndipo amene anali pa mpando, Martin Van Buren wa chipani cha Democratic, anabadwira m'katauni kotchedwa Kinderhook m'chigawo cha New York. Omutsatira anamupatsa dzina loti Old Kinderhook, ndipo m'mwezi wa Marichi chaka chomwecho anakhazikitsa gulu lomuchemerera mumzinda wa New York lotchedwa O.K. Club. Zilembo ziwirizi zinayamba kunena zinthu ziwiri pa kamodzi: dzina la munthu wawo, komanso kuti munthuyo ali bwinobwino. Otsutsa, a chipani cha Whig, sanagone. Chuma cha dzikolo chinali chitagwa kuyambira 1837, choncho ankati O.K. akutanthauza "Out of Kash", ndalama zatha, kapena "Orful Kalamity", tsoka loopsa. Van Buren anagonja moipa kwa William Henry Harrison, mavoti a nthumwi 234 kwa 60. Koma pomwe chisankho chimatha n'kuti mbali zonse ziwiri zitafuula zilembozi miyezi yambiri, dziko lonse litazimva.

Pa kampeni yomweyo panabadwa bodza limene linawathandiza mawuwa kuposa zoona zake. Nyuzipepala ina ya ku New York inalemba kuti Andrew Jackson, pulezidenti wakale amene anamukweza Van Buren, anali mbuli pa sipelo, ndipo kuti akavomereza chikalata ankalembapo O.K. poganiza kuti ndi momwe "all correct" amayambira. Unali mjedo wa ndale. Komabe unadzala maganizo oti O.K. ndi chizindikiro chimene munthu waudindo amaika pa pepala akaliona kuti lili bwino, ndipo m'maofesi, m'mabanki ndi m'masitolo anthu anayambadi kutero. Apa ndi pamene nthabwala inapeza ntchito.

Kenaka kunabwera telegalafu, makina otumizira uthenga pa waya. Mzere woyamba wa Samuel Morse, mmodzi mwa oyambitsa makinawa, wa pakati pa Washington ndi Baltimore, unatsegulidwa mu 1844. Pa makina amenewa chilembo chilichonse chimagogodedwa ndi chala, ndiye wolandira uthenga ankafuna njira yachidule youzira wotumiza kuti uthenga wafika wonse. O.K. anakwana bwino pa ntchitoyi, ndipo ogwira ntchito pa njanji nawonso anatengera. Sungani mfundo imeneyi, chifukwa ikukhudza funso lanu lachiwiri: pa waya, OK ankatanthauza "ndalandira", osati "ndasangalala".

Zonsezi sitikuzidziwa mwa mphekesera. Allen Walker Read, pulofesa wa pa yunivesite ya Columbia, anakhala zaka akuvundukula nyuzipepala zakale, ndipo anasindikiza zimene anapeza m'magazini ya akatswiri yotchedwa American Speech mu 1963 ndi 1964. Chimene chimamupatsa ulemu n'chakuti mu 1941 iye yemweyo anali atalemba kuti gwero ndi Old Kinderhook. Umboni wa 1839 utapezeka, wotsogola ndi chaka chathunthu, anasintha maganizo ake. Madikishonale akuluakulu a Chingerezi lero amatsatira zimene iye anapeza.

Nthano zina zilipo zambiri, ndipo mudzakumana nazo. Ena amati ndi Chigiriki, "ola kala", zonse zili bwino. Ena amati ndi doko la Aux Cayes ku Haiti, limene amalinyero ankalitama chifukwa cha mowa wake. Ena amatchula munthu wophika mabisiketi a asilikali amene dzina lake linkayamba ndi O ndi K. Poyesa nkhani yotere, funsani zinthu zitatu. Kodi mawuwo analembedwa koyamba chaka chiti, ndipo pepala lake lilipo? Kodi pali mzere wa zolembedwa wolumikiza gwerolo ndi kagwiritsidwe ntchito ka lero, kapena pali dzenje la zaka makumimakumi? Nanga nkhaniyo inayamba kusimbidwa liti? Nthano zambiri za magwero a mawu zimapezeka kuti zinapekedwa mawuwo atatchuka kale. Kungofanana kamvekedwe si umboni, poti zinenero za pa dziko ndi masauzande pamene maphokoso a pakamwa pa munthu ndi owerengeka.

Ziwiri zokha ndi zimene zimayenera kuimiridwa pang'ono. Choyamba ndi cha a Choctaw, mtundu wa eni nthaka a ku America, amene m'chinenero chawo muli mawu oti "okeh", otsindika kuti zili chomwecho. Mawuwa ndi enieni, ndipo amishonale anawalemba 1839 isanafike. Woodrow Wilson, amene anali pulezidenti kuyambira 1913 mpaka 1921, ankakhulupirira gwero limeneli moti ankalemba "okeh" pa zikalata zake, ndipo kampani yojambula nyimbo ya Okeh, imene inayamba mu 1918, inafalitsanso kalembedwe komweko. Chachiwiri chimatikoka mtima ife a mu Africa. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, katswiri wa zinenero David Dalby ananena kuti mawuwa angakhale atawoloka nyanja ndi akapolo ochokera kuzambwe kwa Africa, kumene a Wolof a ku Senegal ndi Gambia amati "waw kay" povomera motsindika. Maganizo amenewa si opusa, chifukwa zoyankhula za akapolo sizinkalembedwa kawirikawiri, ndipo Chingerezi cha ku America chilidi ndi mawu ochokera ku Africa. Vuto n'lakuti pa mafunso atatu aja amagwa pa lachiwiri. Palibe mzere wa zolembedwa wochoka kwa a Choctaw kapena a Wolof kukafika pa tebulo la mkonzi wa ku Boston, pamene mbali ya nthabwala ili ndi tsiku, tsamba, tanthauzo lolembedwa pambali, ndi abale ake monga O.W. ndi K.Y. Ngati mukuphunzitsa ana, aphunzitseni za ku Boston.

Kuti mawuwa anafika mpaka ku Dedza, mbali ina ndi mphamvu ya America pa malonda, mafilimu ndi makina. Koma palinso chifukwa cha m'kamwa. Taonani zimene timachita ndi mawu ena obwereka: "school" tinachita kumuthyola kuti akhale sukulu, "spoon" akhale supuni, "glass" akhale galasi, chifukwa Chichewa chimafuna kuti phatikizo lililonse lithere ndi lembo laliwu. OK sanafune kusulidwa. O-ke, maphatikizo awiri, ngati kuti anabadwira konkuno. Maphokoso a o, k ndi e amapezeka m'zinenero zochuluka kwambiri, choncho agogo osadziwa Chingerezi amatha kunena "oke" lilime osapunthwa.

Makina anamaliza ntchitoyo. Pa 20 Julayi 1969, chombo cha Apollo 11 chitangotera pa mwezi, ena mwa mawu oyambirira a Buzz Aldrin, mmodzi mwa amene anali m'chombomo, anali "Okay, engine stop". Amene ankakonza kompyuta ya Lisa ku kampani ya Apple amasimba kuti batani lovomerezera poyamba linalembedwa "Do It", koma poyeserera panapezeka wina akuwerenga "Dolt", kutanthauza chitsiru, n'kukwiya kuti makina akumutukwana. Analisintha kukhala OK. Ngakhale tsamba la pa intaneti likatseguka bwino, makina amauzana mobisika kuti "200 OK".

Tsopano kalembedwe. OK wa zilembo zazikulu zopanda mpumiro ndi amene amavomerezeka paliponse lero, ndipo bungwe la nkhani la Associated Press limalamula atolankhani ake kulemba chomwecho. O.K. wa mipumiro si wolakwika, wangokalamba. Okay anabwera pambuyo, anthu atayamba kulemba mmene zilembozo zimatchulidwira. Ambiri amaganiza kuti okay ndiye mawu athunthu ndipo OK ndi chidule chake, koma zinayenda mosemphana. Onse awiri ndi olondola, chachikulu musankhe mmodzi ndi kukhala naye mpaka kumapeto kwa chimene mukulemba. Ok ndi ok wa zilembo zazing'ono asiyireni pa foni. Mawuwa akakhala mneni, okay ndi amene amalandira bwino zomata: okayed, okaying. Mukafuna OK muyenera kuika kachizindikiro kam'mwamba kaja timaika polemba mawu ngati "m'nyumba", kuti akhale OK'd. Ndipo poti katchulidwe kake kamayamba ndi lembo laliwu, amati "an OK result", osati "a OK result". Ana amalakwitsanso ponena kuti "very OK". M'Chingerezi cha pa mayeso mawuwa salola "very". Amalola "perfectly OK" kapena "quite OK".

Chifukwa chake salola "very" ndicho chinsinsi cha mawuwa. OK ndi mawu apakatikati. Amavomera koma sayamika. Mzungu akafunsidwa za chakudya n'kuyankha kuti "It was OK", sanatame wophika; wanena kuti chinadyeka, bola kusiyana n'kugona ndi njala. Woyang'anira maphunziro akaonera phunziro lanu n'kunena kuti "The lesson was OK", musakagule fanta wokondwerera. Ambiri timamasulira OK kuti "zili bwino", ndipo m'Chichewa "zili bwino" akhoza kukhala mayamiko enieni. M'Chingerezi, pa sikelo yoyambira "bad" kukafika "excellent", OK amakhala pamwamba pang'ono pa mzere wokhozera.

Ntchito zake zina n'zosavuta. "Are you OK?" ndi funso la kwa munthu amene wagwa, wadwala kapena akuoneka wosakondwa, osati moni wamba. "Is it OK if I leave early?" ndi kupempha chilolezo. "The manager gave the OK" ndi dzina, chilolezo chenichenicho. "It's OK" poyankha wopepesa ndi "palibe kanthu". Ndipo mphunzitsi akati "OK, open your books" sakuvomera chilichonse, akungotseka nkhani ina n'kutsegula ina, monga ife timanenera "chabwino, tiyeni" kapena "basi".

Pali misampha iwiri imene imagwira anthu athu kawirikawiri. Woyamba umawapeza amene apita ku Britain. Mukamufunsa mlendo wa kumeneko ngati akufuna tiyi, iye n'kuyankha kuti "I'm OK, thanks", wakana. Akutanthauza kuti ali bwino mmene alilimo, safuna kanthu. Wathu amamva OK yekhayo n'kuthamangira kukatereka ketulo. Zimachitikanso motembenuka: Mmalawi wanjala, pofuna kuvomera mwaulemu, amati "It's OK", mwini nyumba n'kubweza mbale kukhitchini. Pofuna kulandira nenani "Yes, please". Pokana, "No, thank you".

Msampha wachiwiri ndi wa telegalafu uja. OK akhoza kutanthauza "ndamva" kapena "ndavomera", ndipo pa pepala awiriwa amaoneka chimodzimodzi. Mwini nyumba akakulemberani kuti lendi ikwera mwezi wamawa kuchoka pa K80,000 kufika pa K100,000, inu n'kuyankha "OK" pofuna kunena kuti uthenga mwauona, iye adzasunga yankholo ngati umboni woti munagwirizana nazo. Pa nkhani ya ndalama, ngongole, malo kapena ntchito, lembani chimene mukutanthauza. Ngati mwangolandira, "Received, I will reply tomorrow", kapena m'Chichewa chomveka, "Ndauona uthenga wanu, ndikuyankhani mawa". Ngati mwavomera, tchulani chimene mwavomeracho ndi kuchuluka kwake.

Za a hedi tsono. Pa galamala simunalakwe. Chimene chinawawa ndi chakuti OK alibe malo oikapo ulemu. M'Chichewa ulemu umakhala m'kati mwa mawu enieniwo: timati mwadzuka, osati wadzuka; timati a hedi, osati hedi. Wamkulu akakutuma umayankha kuti "Chabwino bambo, ndamva, ndichita", ndipo m'mawu amenewa muli kuvomera, muli kumutchula mwini wake, mulinso lonjezo. OK ndi yemweyo kwa mwana, kwa mnzako ndi kwa apongozi, ndiye khutu lozolowera Chichewa limamva ngati mwawayesa a msinkhu wanu. Kuwonjezera apo, mawu amene amavomera popanda chimwemwe akanenedwa okha, mouma, amamveka ngati "ndichita poti mwanena". Ngakhale kwa eni chinenerocho, OK woima yekha wotsatidwa ndi mpumiro pa foni amatengedwa ngati wa munthu amene wanyansidwa.

Mankhwala ake si kuwataya mawuwa koma kusawasiya okha. Pakamwa, "OK sir, I will do it before break" sangakhumudwitse munthu, chifukwa "sir" wabweza ulemu ndipo nthawi mwaitchula. Pa uthenga wa pa foni kwa abwana, "Noted, thank you, madam. I will submit it on Friday" amaposa OK aliyense. M'kalata ya ntchito, m'malipoti ndi m'chimangirizo cha mayeso musawalowetse n'komwe, pokhapokha mukulemba mawu amene munthu wayankhula. Sankhani liwu lonena ndendende chimene mukufuna, "satisfactory" pa ntchito yokwanira, "approved" pa chololezedwa, "I agree" pa kugwirizana nazo, "unhurt" pa wopulumuka pa ngozi. Ndipo ngati a hedi anakuyankhulani m'Chichewa, yankho la m'Chichewa ndilo linali lachibadwa.

Chenjezo lomaliza ndi la chilembo chimodzi chija, k. Ana ena amadula OK mpaka kutsala k yekha, ndipo kwa olankhula Chingerezi ameneyu ndi wamwano kuposa onse, wofanana ndi kutseka chitseko munthu akuyankhula. Kuno amasokonezanso chifukwa K ndi kwacha, ndipo k wambiri ndi kuseka. Mnzanu wa ku America akalemba "kk" akutanthauza "chabwino, ndamva". Inu mukamulembera "kkkk" poseka, iye adzangoona ngati mwavomera kanayi.